N'chifukwa chiyani Boston inapereka Mookie Betts, n'kuonjezanso ndalama pamwamba?

Funso lachokera kwa bambo wina amene akukhala ku Massachusetts, m'dziko la America. Iye akuti: "Kuntchito kwathu kuli anzanga awiri, onse masapota a timu ya baseball ya Boston Red Sox. Nthawi yopuma ikakwana, mkangano wawo ndi umodzimodzi, wa Mookie Betts. Wina amati mwini timu ndi woumira, anataya wosewera wabwino kuposa onse chifukwa chokonda ndalama. Winayo amati timu inachita bwino chifukwa Betts akanachokabe ulele. Ine ndine wa mpira wamiyendo, wa Liverpool, ndiye chimandizunguza mutu n'chakuti akuti pomugulitsapo timuyo sinalandire ndalama, m'malo mwake ndi iyo inapereka. Zimatheka bwanji? Nanga pa awiriwa wolondola ndani?"

Achimwene, chimene chikukusokonezani ndi mawu oti kugulitsa. Muwasiye kaye pambali, chifukwa mu ligi ya baseball ya ku America, MLB, msika suyenda ngati wa mpira wamiyendo. Kwathu ku mpira timadziwa kuti timu ikafuna wosewera imapereka ndalama ku timu yake, kenako imakhala naye pansi wosewerayo n'kugwirizana za malipiro atsopano. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Ku baseball matimu amasinthana anthu. Wosewera amapita ndi kontrakiti yake momwe ilili, ndipo nthawi zambiri safunsidwa n'komwe. Amangoimbiridwa foni kuti alongedze. Okhawo amene angakane ndi omwe analembetsa mu kontrakiti kuti asasinthidwe popanda chilolezo chawo, ndi omwe asewera zaka 10 mu ligi, zisanu zomalizazo ali pa timu imodzi.

Ndiye chimene chimagulidwa pa msika umenewu kwenikweni ndi zaka. Wosewera akalowa mu ligi yaikulu, timu yake imakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zitatu zoyambirira amalandira malipiro otsikitsitsa a mu ligi kapena ongopitirira pang'ono, ngakhale atakhala katswiri wotani. Zaka zitatu zotsatirazo malipiro amakwera, ndipo mbali ziwirizi zikalephera kumvana nkhani imapita kwa oweruza apadera. Zikatha zisanu ndi chimodzizo munthu amakhala free agent, womasuka kupita kulikonse kumene kwamuika ndalama zambiri patebulo. Ufulu umenewu sunabwere wokha. Curt Flood anakana kusinthidwa kuchoka ku St. Louis Cardinals kupita ku Philadelphia Phillies mu 1969, mlandu wake unafika kubwalo lalikulu la dzikolo ndipo anagonja mu 1972, koma pomafika kumapeto kwa 1975 lamulo lomanga osewera pa timu imodzi moyo wawo wonse linali litagwa. Inu a mpira wamiyendo mumadziwa za Bosman mu 1995. Fanizo lake ndi lomwelo, kungoti ku baseball zinachitika zaka 20 m'mbuyo mwake.

Tsopano taonani pamene Betts anali mu Febuluwale 2020. Anali ndi zaka 27. Mu 2018 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu American League, limodzi mwa magawo awiri a MLB, ndipo chaka chomwecho Red Sox inawina masewero 108 mwa 162, n'kutenga World Series, chikho chachikulu cha MLB, pogonjetsa Los Angeles Dodgers. Anali mwana wa panyumba: timuyo inamusankha yokha pa draft (mwambo umene matimu amasankhira osewera achinyamata mosinthana) ya 2011, mu raundi yachisanu, n'kumulera mpaka kufika pamenepo. Koma pa zaka zisanu ndi chimodzi zija panali patatsala chimodzi chokha, ndipo malipiro a chaka chimenecho anali $27 miliyoni. Timu iliyonse yomutenga inkadziwa kuti ikubwereka munthu kwa sizoni imodzi, pa mtengo wokwera kale, popanda chitsimikizo choti akhala. Ichi n'chifukwa chake zimene Boston inalandira pomutumiza ku Dodgers zinaoneka zochepa: Alex Verdugo, yemwe anali atayamba kale kusewera mu ligi yaikulu, ndi anyamata awiri omwe anali adakali m'matimu aang'ono, Jeter Downs ndi Connor Wong.

Nanga ndalama zimene inapereka? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi mbali imene anzanu awiriwo mwina amaidumpha. Betts sanapite yekha. Anapita ndi David Price, pitcher (woponya mpira kwa omenya) yemwe Boston inamusainitsa kontrakiti ya zaka 7 ya $217 miliyoni kumapeto kwa 2015. Price anagwira ntchito yotamandika mu World Series ya 2018, koma pofika 2020 anali ndi zaka 34, mkono unkavutavuta, ndipo timu inali ndi ngongole kwa iye ya $96 miliyoni pa zaka zitatu. Pa msika kontrakiti yotereyi imakhala katundu wolemera, palibe amene amaifuna. Kuti Dodgers ivomere kuisenza, Boston inalonjeza kulipira theka, pafupifupi $48 miliyoni. Kunena mosapita m'mbali, Boston inagwiritsa ntchito Betts ngati nyambo yoti Price atengedwe. Ikanamupereka yekha Betts, ikanapeza anyamata abwino kuposa amene inapeza. Inasankha kulandira osewera ochepa kuti ichotse ndalama zambiri m'mabuku ake.

Funso lotsatira ndi lakuti timu yolemera ngati Boston inkavutikiranji kuchepetsa malipiro. MLB ilibe malire okhwima a ndalama zomwe timu ingalipire osewera monga zilili mu maligi ena a ku America. Chimene ilinacho ndi msonkho, umene anthu amangouti luxury tax. Chaka chilichonse pamakhala mzere, ndipo wa 2020 unali $208 miliyoni. Timu ikaudutsa imalipira msonkho pa ndalama zapamwamba pa mzerewo zokha: 20 peresenti chaka choyamba, 30 peresenti chachiwiri, 50 peresenti chachitatu chotsatizana. Ikadutsa ndi ndalama zambiri pamabweranso zilango zina, monga kubwezedwa m'mbuyo pa draft. Koma ikatsika pansi pa mzere chaka chimodzi chokha, zonse zimafufutika, imayambiranso pa 20. Boston inali itadutsa mu 2018 ndi mu 2019, ndipo mu Sepitembala 2019 mwini wake, John Henry, ananena poyera kuti cholinga chawo n'kutsika pansi pa mzerewo. Dzina limeneli mukulidziwa bwino, achimwene. Ndi yemwe uja wa Fenway Sports Group, eni ake a Liverpool yanu kuyambira 2010.

Mnzanu wachiwiri uja ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka. Ndizimuikira bwinobwino kuti musamupeputse.

Betts sankabisa kuti akufuna kukaona mtengo wake pa msika. Timu inayesapo kangapo kumupatsa kontrakiti yaitali iye n'kukana, ndipo atolankhani a ku Boston panthawiyo ankalemba kuti mbali ziwirizi zinali kutali ndi ndalama zopitirira $100 miliyoni. Akanachoka kumapeto kwa 2020, Boston ikanangopepesedwa ndi mwayi umodzi wosankha mnyamata pa draft, ndipo popeza ikanakhala ili pamwamba pa mzere wa msonkho, mwayiwo ukanabwera raundi yachinayi itatha. Zimenezi n'zimene zimachititsa mantha akuluakulu a matimu. Onani Los Angeles Angels mu 2023. Inali ndi Shohei Ohtani, kontrakiti ikutha, matimu onse akumulakalaka. Inakana kumusintha, inagulanso osewera ena kuti iyesere komaliza, mu Ogasiti zinthu zinasokonekera, ndipo mu Disembala Ohtani anasainira Dodgers kontrakiti ya $700 miliyoni. Angels inatsala ikukanda mutu.

Mfundo yake ina ndi yakuti baseball si basketball. Wosewera mmodzi, kaya akhale wotani, amamenya mpira kanayi kapena kasanu pa gemu, ndipo sangasankhe kuti nthawi yovuta ikafika akamenye ndi iye. Amadikira mzere wake. Akatswiri a masamu a masewerowa ali ndi muyeso wotchedwa WAR, womwe umayerekeza kuti munthu waonjezera mawini angati poyerekeza ndi wosewera wamba amene timu ingamutole mosavuta. Betts wa 2018 anadutsa 10, zomwe zimachitika mwa apo ndi apo. Koma timu imafunika mawini cha m'ma 90 kuti ilowe m'ndime ya makapu. Mutu umodzi susenza denga. Angels yomweyo inali ndi Mike Trout ndi Ohtani pamodzi kuyambira 2018 mpaka 2023 koma sinalowemo ngakhale kamodzi. Washington Nationals inasiya Bryce Harper kupita ku Phillies 2018 itatha, ndipo mu 2019 inatenga World Series iye kulibe.

Palinso mantha a makontrakiti ataliatali. Albert Pujols anasainira Angels zaka 10 pa $240 miliyoni ali pachimake, koma zaka zambiri za kontrakitiyo anali mthunzi chabe wa munthu amene ankamudziwa ku St. Louis, mpaka anamumasula mu 2021 isanathe. Boston nayo inapsapo ndi Carl Crawford komanso Pablo Sandoval. Ndipo pali chinthu china chimene ndikukhulupirira kuti chinkawalimbitsa mtima eni timu: mu Ogasiti 2012 anatumiza Adrián González, Crawford ndi Josh Beckett ku Dodgers yomweyi, n'kutula ngongole ya ndalama zopitirira $250 miliyoni, chaka chotsatira n'kutenga World Series. Munthu amene njira ina inamuyenderapo bwino sachedwa kuibwerera.

Zonsezi ndikuzivomera. Komabe ine ndili kumbali ya mnzanu woyamba, ngakhale mawu oti woumira sindingawagwiritse ntchito. Henry ndi anzake anagula timuyi mu 2002, ndipo pansi pawo yatenga World Series kanayi, mu 2004, 2007, 2013 ndi 2018, nthawi zambiri ili pakati pa matimu olipira kwambiri. Woumira sachita zimenezo. Vuto lake ndi lina: ndalama anaziika pa anthu olakwika, kenako anapereka munthu woyenera kuti akonze mabuku.

Tayang'anani miyezi ingapo chikho cha 2018 chitangotengedwa. Mu Disembala timu inapatsa Nathan Eovaldi zaka 4 pa $68 miliyoni. Mu Malichi 2019 inapatsa Chris Sale zaka 5 pa $145 miliyoni, pamene munthuyo anali atavutika kale ndi phewa kumapeto kwa 2018 ndipo kontrakiti yake yakale inali isanathe, panalibe chothamangira. Onsewa ndi ma pitcher, gulu la osewera limene limavulala kwambiri. Aliyense ankadziwa kuti Betts watsala ndi zaka ziwiri. Panyumba pakakhala ukwati wa mwana wachisamba chaka chamawa, sugulitsa chimanga chonse lero kuti ugule wailesi. Sizoni ya 2019 inayenda mopepera, mawini 84 okha, ndipo Dave Dombrowski, yemwe anamanga timu ya chikho ija, anachotsedwa mu Sepitembala chaka chisanathe chitengereni chikhocho. M'malo mwake munabwera Chaim Bloom kuchokera ku Tampa Bay Rays, timu yodziwika ndi kupambana ndi ndalama zochepa. Masapota ambiri mkwiyo wawo anaukhuthulira pa Bloom, koma iye anapeza chigamulo chitapangidwa kale kumwamba. Anangopatsidwa mpeni.

Kenako yang'anani kukula kwa msonkho umene ankauthawawo. Mu 2018 Boston inalipira pafupifupi $12 miliyoni, mu 2019 inalipira $13 miliyoni ndi kanthu, pa malipiro a osewera opitirira $230 miliyoni. Ndi ndalama ndithu, koma kwa timu imene imadzaza bwalo lake la Fenway Park ndipo ili ndi gawo lalikulu pa kanema wake wakewake wa NESN, zimenezo ndi malipiro a pitcher mmodzi wapakatikati. Masamu a Tampa Bay kapena a Pittsburgh ndi omveka kwa matimu amenewo, chifukwa iwo sangakwanitsedi kusunga katswiri akafika pa msika. Ubwino wonse wokhala timu yolemera ndi woti wosewera wa mtundu wa Betts akapezeka, womulera wekha, wa zaka 27, wodziwa kumenya, kuthamanga ndi kuwakha, sumachita kuwerenga zala. Pujols anasaina ali ndi zaka 31. Zaka zinayi zimenezo pa moyo wa wosewera n'zambiri.

Za anyamata olonjeza zija, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Downs ndi amene ankatamandidwa kwambiri pa awiri aja, koma anasewerera Boston magemu owerengeka mu 2022 ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anamutaya. Verdugo anali wosewera wabwinobwino, osati katswiri, ndipo mu Disembala 2023 anamutumiza ku New York Yankees. Wong anakhala catcher (wowakha mpira kumbuyo kwa womenya) wothandiza. Kusintha katswiri kumapindula akakhala kuti watsala ndi zaka zingapo. Nationals inapereka Juan Soto ku San Diego Padres mu Ogasiti 2022 atakana $440 miliyoni, koma iye anali atatsala ndi masizoni awiri ndi theka, n'chifukwa chake inakolola James Wood, CJ Abrams ndi MacKenzie Gore pakamodzi. Boston inadikira mpaka mtengo utatsika, n'kuutsitsanso yokha pomumangirira Price kumsana. Ngati inkadziwa kuti sidzamulipira, nthawi yomusintha inali kale. Ngati sinkadziwa, ndiye kuti panalibe pulani.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjezeni, chifukwa mnzanu woyamba akhoza kuchigwiritsa ntchito molakwika. Mu Julaye 2020 Betts anasainira Dodgers zaka 12 pa $365 miliyoni osafika n'komwe pa msika, ndipo anthu amati, mwaona, akanatha kukhala. Koma pakati pa Febuluwale ndi Julaye panagwa mliri wa Covid-19. Sizoni inadulidwa kufika magemu 60, mabwalo anali opanda anthu, ndipo palibe ankadziwa kuti matimu adzakhala ndi ndalama zingati chaka chotsatira. Munthu amene ankafunitsitsa msika mu Januwale akhoza kusintha maganizo mu Julaye wa chaka chimenecho. Kusinthana kumayenera kuweruzidwa ndi zimene anthu ankadziwa tsiku limene kunachitika. Ine mlandu wanga pa Boston sukutsamira pa makapu amene Dodgers yatenga pambuyo pake. Ngakhale Betts akanathyoka mwendo mwezi wotsatira, ndikanati anamupereka pa chifukwa cholakwika.

Inu a Liverpool muli ndi muyeso wabwino woyezera nkhani ngati iyi, ndipo mwini wake ndi yemweyo. Mu Januwale 2018 Philippe Coutinho anapita ku Barcelona pa ndalama zankhaninkhani, masapota analira. Koma mwezi womwewo Virgil van Dijk anafika kuchokera ku Southampton pa £75 miliyoni, pakati pa chaka Alisson anabwera kuchokera ku Roma, ndipo mu 2019 ndi 2020 munaona zimene ndalama ija inabala. Kutaya katswiri kumakhululukika ngati ndalama yabwerera m'bwalo ndipo aliyense akuona kumene yapita. Ku Boston funso limenelo lilibe yankho logwira mtima. Timu inathera pansi pa gulu lake la AL East mu 2020, inadzuka mu 2021 n'kufika pafupi ndi World Series isanagonje kwa Houston Astros, kenako inatheranso pansi mu 2022 ndi 2023. Chodabwitsa n'chakuti mu 2022 inadutsanso mzere wa msonkho uja, pang'ono pokha, ili kumchira. Xander Bogaerts, mwana wina wa panyumba, anachoka kumapeto kwa chaka chimenecho kupita ku Padres pa $280 miliyoni. Masapota atakwiya, timu inapatsa Rafael Devers zaka 10 pa $313.5 miliyoni mu Januwale 2023, ndalama zosatalikirana kwenikweni ndi zimene Betts analandira, kwa munthu womenya bwino koma wosafika pa Betts m'mbali zina zonse. Bloom anachotsedwa mu Sepitembala 2023. Devers nayenso anamutumiza ku San Francisco Giants mu Juni 2025. Sale amene anawadyera ndalama uja anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2020, anavulalavulala zaka zotsatira, anamupereka ku Atlanta Braves, ndipo kumeneko mu 2024 anatenga mphoto ya Cy Young ya pitcher wopambana onse mu National League.

Mukadabwa kuti bwanji anthu akulu akukanganabe za nkhani ya zaka zingapo zapitazo, dziwani kuti mzinda umenewo uli ndi chipsera chakale. Kumapeto kwa 1919 mwini timu wa nthawiyo, Harry Frazee, anagulitsa Babe Ruth ku Yankees pa $100,000, ndipo apo kunali kugulitsa kwenikweni, kwa ndalama. Boston inali itatenga World Series mu 1918, ndipo sinaitengenso mpaka 2004, zaka 86. Agogo ankamwalira osachiona chikho. Ndiye pamene katswiri wina anachoka patangotha zaka 100 ndendende chichokereni Ruth, chifukwa chake chilinso cha ndalama, sanafunike munthu wowakumbutsa.

Nthawi yopuma ikadzakwananso, mnzanu wachiwiri mudzamufunse mafunso awiri: ngati cholinga chinali kupeza anyamata abwino, Price anamuphatikizirapo chiyani? Ndipo ndalama zimene anapulumutsazo anagula nazo ndani? Woyambayo mudzamukumbutse kuti munthu amene akumutcha woumirayo ndi amene anathetsa zaka 86 zija. Koma mukafuna kuti onse awiri akhale chete kofi azizire, atchuleni gemu yachisanu ya World Series ya 2024 ku Yankee Stadium. Dodgers inali kumbuyo 5-0, inabweza, ndipo mu inning (ndime ya gemu) yachisanu ndi chitatu mpira umene Betts anamenya m'mwamba ndi umene unalowetsa run (chigoli) yopambanira, 7-6. Womenya womaliza wa Yankees usiku umenewo, amene anaphonya mpira wa Walker Buehler chikho n'kupita ku Los Angeles, anali Alex Verdugo.